Mneni "Kukhalapo" M'kalasi ya Filosofi: Kuunika Maganizo a Kwasi Wiredu

Kwasi Wiredu, katswiri wa filosofi wa ku Ghana amene adamwalira m'chaka cha 2022, adaphunzitsa zaka zambiri pa Yunivesite ya Ghana ku Legon asanasamukire ku Yunivesite ya South Florida. M'buku lake lotchedwa Cultural Universals and Particulars, lomwe lidasindikizidwa m'chaka cha 1996, iye adalangiza aphunzitsi ndi ophunzira a mu Afirika kuti mfundo iliyonse imene aiphunzira m'chiyankhulo cha atsamunda aziyiyesanso m'chiyankhulo cha makolo awo, kuti aone ngati ikadali yomveka.

Chitsanzo chake chodziwika chikukhudza René Descartes, amene m'chaka cha 1637 adaphunzitsa kuti kuganiza kwa munthu ndi umboni wokwanira woti munthuyo alipo, ngakhale atakayika za thupi lake ndi za malo amene ali. Wiredu adaona kuti m'chiyankhulo chake cha Akan, mawu onena za kukhalapo amaloza malo. Choncho chinthu chokhalapo koma chopanda malo sichimveka bwino kwa woyankhula Akan.

Mfundoyi ikukhudzanso Chichewa, pakuti mneni wathu amatenga timaphatikizo ta malo: alipo, aliko, alimo. Ngakhale pokana timati palibe, kulibe, mulibe. Wophunzira wa pa Yunivesite ya Malawi ku Zomba, kumene filosofi imaphunzitsidwa m'Chingerezi, akhoza kukhoza mayeso a Descartes osazindikira kuti chiyankhulo chake chili ndi funso lofunsa mkuluyo: ali kuti woganizayo?

Komabe Chichewa chomwecho chikuonetsa malire a chitsanzochi. Mayi akanena kuti vuto lilipo, kapena mlaliki akanena kuti chikhululuko chilipo, palibe womvera amene amafunsa mudzi kapena nyumba imene zinthuzi zili. Kaphatikizo ka -po kadafika pomatanthauza kupezeka chabe. Motero kapangidwe ka mawu pakokha sikangagamule mlandu wa filosofi. Ntchito yake n'kudzutsa funso. Wiredu mwiniwake adavomereza kuti pamafunikabe zifukwa zimene woyankhula chiyankhulo chilichonse angaziyese. Chodandaulitsa china n'chakuti uphungu wakewu adaulemba m'Chingerezi, ndipo ambiri amaukambirana m'Chingerezi momwemo.

Phunziro kwa okonza mawu atsopano ndi ili: si bwino kukhazikitsa "kukhalapo" ngati mawu a filosofi pongomasulira pamndandanda. Mawuwa ayambe agwiritsidwa ntchito pamtsutso m'kalasi, aphunzitsi ndi ophunzira alembe nawo zimangirizo, kenaka aweruzidwe. Chimodzimodzinso "choonadi", "mzimu" ndi "umunthu". Mutu umodzi susenza denga: akatswiri a chiyankhulo paokha sangathe ntchitoyi, ndipo aphunzitsi a filosofi akapitiriza kuisiya, ophunzira adzakhala akuloweza mayankho a mafunso amene sadawafunsepo m'chiyankhulo chawo.