Nthondo: Anasankha Kapena Anasankhidwa?

Buku la Nthondo, limene Samuel Yosia Ntara analemba, linatuluka m'chaka cha 1933, ndipo m'chaka cha 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi nalitcha Man of Africa. Ambiri aliwerenga monga mbiri ya munthu wopulupudza amene anatembenuka mtima. Koma pansi pa mbiriyo pagona funso lakale la Eklesia: kodi munthu adza kwa Mulungu mwa kufuna kwa iye yekha, kapena Mulungu anamsankhiratu asanabadwe?

Funsoli linautsa mkangano pakati pa Augustine ndi Pelagius, ndipo linabukanso ku Holland. Kumeneko msonkhano wa ku Dort, wa m'zaka za 1618 ndi 1619, unakana chiphunzitso cha otsata Arminius, nulimbikitsa mawu a Calvin akuti chipulumutso chichokera m'kusankha kwa Mulungu. Amishoni a Dutch Reformed amene anafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896 anali a chikhulupiriro chomwecho, ndipo Ntara anali mphunzitsi pakati pawo.

Wowerenga wochenjera adzaona kuti bukuli lili ndi mbali ziwiri zosalingana. Pofotokoza zoipa za Nthondo, mlembi safulumira. Kuba ndi kunama kwa mnyamatayo kuoneka poyera, ndipo palibe amene amkakamiza. Tchimo ndi lake ndithu. Koma kutembenuka kwake kudza mochedwa, ndipo sikulongosoledwa mozama monga zoipazo. Apa ena anganene kuti mlembi anapereweza luso, pakuti mtima wa munthu susintha ngati nyengo ya mvula. Mawuwo ali ndi choonadi chake. Komabe kusalinganako kugwirizana ndi chiphunzitso cha mpingo wake, chakuti munthu achimwa mwa kufuna kwake, koma apulumuka mwa chisomo chimene iye sanachigwirire ntchito. Chotero chimene chioneka ngati chilema cha nthano chili chivomerezo cha chikhulupiriro.

Nkhaniyi ikhudza mphunzitsi aliyense. M'kalasi simusowa mwana wonga Nthondo, wakuba choko ndi wothawa sukulu. Mphunzitsi womva theka lokha la chiphunzitso angathe kunena kuti mwanayo anabadwa chotero, namtaya. Koma ngakhale a ku Dort sanapatse munthu mphamvu yoloza mnzake chala kuti ndi wotayika. Analamula kuti Uthenga ulalikidwe kwa onse mosasankha. Akadaweruza Nthondo ali mnyamata, ndani akadayembekeza mathero ake?

Pophunzitsa bukuli, tsono, mphunzitsi asafulumire kumasula mfundoyo. Afunse ana kuti atchule pamene Nthondo anasankha yekha, ndi pamene zinthu zinangomgwera. Akatero, ana adzaphunzira kuwerenga ndi maso awiri, ndipo mphunzitsiyo adzaphunzira kuleza mtima ndi mwana wovuta amene wakhala kumbuyo kwa kalasi.