Dzanzi la m'mapazi ndi mitokondriya: kuunika kafukufuku wa ku Queen Elizabeth

Amene munagwira ntchito m'zipatala za kwa Kawinga ma ARV aulere atayamba mu 2004 mukukumbukira Triomune. Mankhwalawa anadzutsa anthu ambiri pa mphasa, koma stavudine amene anali m'menemo anasiya zipsera: mapazi otentha ngati munthu waponda makala, masaya olowa, ndipo ena asidi ankachuluka m'magazi mpaka kumwalira.

Mu 2013, Elizabeth Kampira, Johnstone Kumwenda, Joep van Oosterhout ndi Collet Dandara anasindikiza kafukufuku wofunsa chifukwa chimene dzanzi limagwirira ena n'kusiya ena, onse akumwa mankhwala amodzi.

Kuti timve yankho lawo, tiyambe ndi selo. M'kati mwake muli timatumba totchedwa mitokondriya, momwe chakudya ndi mpweya zimasanduka mphamvu yotchedwa ATP. Timatumbati tili ndi DNA yaketake, yopanga mapuloteni 13 ofunika pa ntchitoyi. Stavudine amasokoneza polymerase gamma, puloteni yochulukitsa DNA imeneyi. Mphamvu ikachepa, mitsempha yaitali yopita kumapazi ndiyo imayamba kulira. Palinso cytochrome c, puloteni imene imathandiza kupanga mphamvu ikakhala m'kati mwa kathumba, koma ikatulukira kunja imadzutsa ma caspase ndipo selo limadzipha lokha. Imeneyi ndi njira imodzi imene maselo a mafuta a m'masaya amathera.

Ofufuzawa anayeza odwala oposa 200 a ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali ndi dzanzi. Anapeza kuti anthu okhala ndi mtundu wa DNA ya mitokondriya wotchedwa L0a2 ankagwidwa kwambiri, pamene a mtundu wa L2a vutoli linali lochepa.

Ntchitoyi ndi yoyamikirika. Kafukufuku wambiri wa mtunduwu anachitikira pa azungu, pamene awa anayeza Amalawi amene ankamwadi mankhwalawo. Anasonyezanso kuti wodwala wodandaula mapazi sanali wokokomeza.

Komabe pali zinthu zitatu zimene tiyenera kusamala nazo. Choyamba, anthu 200 akagawidwa m'mitundu ya DNA, gulu lililonse limakhala laling'ono, ndipo pa gulu laling'ono zinthu zikhoza kungokumanizana. Zotsatirazi zikusonyeza kugwirizana chabe, sizikutsimikiza kuti L0a2 ndiye amayambitsa dzanzi.

Chachiwiri, chipatala chachikulu cha mumzinda si Ntaja. Kuno dzanzi limabweranso ndi kachilombo keni keniko, isoniazid wa TB, shuga, kachasu ndi kuperewera kwa mavitamini. Amene angawerenge kafukufukuyu n'kuiwala zimenezi adzaphonya matenda ochizika.

Chachitatu n'choopsa kwambiri kwa ife. DNA ya mitokondriya munthu amatengera kwa mayi okha. M'dera limene mbumba, minda ndi ufumu zimayenda kuchikazi, mawu oti "zochokera kwa mayi" angasanduke chitonzo cha banja lonse. L0a2 si fuko, si Chiyao kapena Chilomwe, ndipo si matenda. Chimene chinavulaza mitsempha ndi mankhwala.

Ena angati nkhaniyi inatha, popeza dziko lino linayamba kusintha anthu kupita ku tenofovir mu 2011, n'kufikira onse mu 2013, ndipo kuyambira 2019 ambiri akumwa mankhwala okhala ndi dolutegravir. Koma mtsempha ukaonongeka nthawi zina suchira. Amene anamwa Triomune zaka zija tili nawo m'midzi, akukalamba, ndipo ena amapsa pamoto kapena kubayidwa ndi minga osamva.

Palibe chipatala chaching'ono chingayeze L0a2, ndipo sikofunika. Mlangizi wa zaumoyo kapena volontiya angathe kufunsa munthu chaka chimene anayamba ma ARV, kumuvula nsapato n'kuona ngati pali zilonda, kufunsa ngati akumwa isoniazid pamodzi ndi pyridoxine, ndi kumutumiza kukayezetsa shuga. Womva dzanzi asasiye ma ARV ake. Akaonane ndi dokotala, chifukwa mankhwala a lero alibe stavudine.