Mchere, Pensulo ndi Miyala ya ku Malosa

Mayeso a MSCE akayandikira, timaona anyamata ndi atsikana a kuno kwa Malemia atakhala pansi pa mitengo, aliyense ndi kabuku ka mafunso ndi mayankho m'manja, ali kuloweza. Mabuku otere sitiwada ayi, pakuti amathandiza mwana wosowa buku lalikulu, ndipo zambiri zolembedwamo n'zoona. Koma pa mutu wa krustalo, ndiko kunena kayalidwe ka maatomu m'zinthu zolimba, tili nawo mlandu.

Mlanduwo ndi uwu: apatsa mwana yankho, nambisira chifukwa chake. Anena kuti dayamondi ndi wolimba, grafaiti wa m'pensulo ndi wofewa, ndipo onse awiri ndi kaboni, pomwepo aleka. Mwana aloweza zimenezi, koma wofunsa mayeso akatembenuza funso pang'ono, nati, “Nanga pensulo imalemba bwanji pa pepala?” mwanayo angoti kakasi. Komatu chifukwa chake sichovuta. M'dayamondi atomu iliyonse yagwirana kolimba ndi zinzake 4, mbali zonse, kotero kuti palibe poterera. M'grafaiti atomu iliyonse yagwirana ndi zinzake 3 zokha, ndipo zonse zayalana ngati mphasa zosanjikizana. Mphasa ndi mphasa sizigwirana kwenikweni, chotero imodzi iterereka nitsala pa pepala. Wodziwa ichi sasowa kuloweza.

Chimodzimodzinso mchere wa m'ndiwo. Kabuku kaonetsa chithunzi cha timipira ndi timizere, osanena kuti anthu anadziwa bwanji zimenezi. M'chaka cha 1913, ku England, William Henry Bragg ndi mwana wake Lawrence anapima mchere ndi kuwala kwa X-ray, napeza kuti sodiyamu iliyonse yazingidwa ndi klorini 6, ndi klorini iliyonse ndi sodiyamu 6. Kukokana kwa izi n'kwamphamvu, ndipo n'chifukwa chake mchere susungunuka ndi moto kufikira kutentha kutakwana madigiri 801. Dongosolo losaonekalo ndilo lipatsa kambewu ka mchere maonekedwe a kabokosi ka mbali 6 zofanana.

Chotimvetsa chisoni koposa n'chakuti ana athu aphunzira zimenezi ngati nkhani ya kutsidya kwa nyanja, pamene phiri la Malosa lili pamaso pawo tsiku ndi tsiku. M'phiri limeneli mumatuluka krustalo wodziwika m'maiko ambiri: aegirine wakuda, wautali, wonyezimira, ndi quartz wa mtundu wa utsi, wa mbali 6. Miyala iyi inakula pang'onopang'ono pamene thanthwe losungunuka linali kuzizira pansi pa nthaka, zaka zoposa mamiliyoni 100 zapitazo. Ndipo lamulo lija la m'kalasi, lakuti chozizira mosafulumira chibala krustalo wamkulu, lalembedwa pamenepo. Alendo amagula miyalayi napita nayo kwawo, koma mwana wa m'chigwa cha Domasi alemba mayeso asanaigwirepo m'manja.

Tsono tipempha aphunzitsi anzathu zinthu ziwiri zosalira ndalama. Choyamba, sungunulani mchere m'madzi ofunda kufikira wina utakana kusungunuka, tsanulirani madziwo m'mbale, muiike pamalo posagwedezeka. Patapita masiku owerengeka ana adzaona timabokosi tija ndi maso awo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chachiwiri, ana aumbe timipira ta dongo, natilumikize ndi timitengo, ena amange dayamondi, ena grafaiti, ndipo ayese okha chimene chiterereka.

Kwa olemba mabukuwo tinena mwaulemu: pansi pa yankho lililonse onjezani mzere umodzi woyamba ndi mawu akuti “chifukwa”. Ndipo inu ana athu, musataye kabuku kanu. Koma musanakatsegule, yambani mwayang'anitsitsa mchere wa mayi anu pa chikhatho, ndi kudzifunsa chimene chaupatsa ngodya zake.