Mabatani ochepa a NumWorks

Kalikuleta yoyamba yojambula magalafu inali fx-7000G ya Casio, yomwe inatuluka mu 1985. Kenako Texas Instruments inadzalanda msika wa masukulu a ku America ndi TI-83 komanso TI-84 Plus, ndipo kwa zaka zambiri makinawa sanasinthe nkhope. Anali onenepa, okhala ndi kasikirini ka timadontho 96 m'litali ndi 64 m'lifupi, ndipo pamwamba pa mabatani ambiri panali tizilembo tamitundumitundu tosonyeza ntchito yachiwiri ndi yachitatu. Mwana wasukulu ankayamba waphunzira kalikuletayo, masamu n'kubwera pambuyo.

Mu 2017, kampani yaing'ono ya ku Paris yotchedwa NumWorks inatulutsa yake. Woiyambitsa, Romain Goyet, anagwirapo ntchito ku Apple, ndipo zimenezi zimaoneka ukangoigwira. Ndi yoyera, yopyapyala pafupifupi sentimita imodzi, batire yake ndi yotchaja, sikirini ndi yamitundu ya timadontho 320 ndi 240. Koma sikirini yotere TI-84 Plus CE inali nayo kale kuyambira 2015, choncho luso silili pamenepo. Lili pa zimene anachotsa.

Taonani mabatani. Anawagawa m'magulu atatu: pamwamba pali oyendera, pakati pali a sin, cos, tan ndi anzawo, pansi pali manambala, akuluakulu kuti chala chisaphonye. Pagulu lapamwambalo pali batani lachikasu lobwerera kunyumba ndi lina lobwerera m'mbuyo kamodzi, monga pafoni. Mwana amene anagwirapo foni safunika kuuzidwa. Ukasochera, umadina lachikasulo n'kuona tizithunzi ta mapulogalamu onse titandandalikidwa.

Nanga ntchito zambirimbiri zija zimene kale zinkapanikizana pamabatani zinapita kuti? Apa ndiye pamene ndimawavulira chipewa amisiriwa. Zambiri mwa izo anaziika kuseri kwa batani limodzi la bokosi la zida. Ukalidina uli mkati mowerengera, limakupatsa zida za masamu m'magulu ake, chilichonse ndi mawu ofotokoza ntchito yake pambali. Ukalidina uli mu Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu chimene chili m'kalikuletayi, batani lomwelo limakupatsa malamulo a Python. Zili ngati mmisiri wamatabwa amene mwana wake amamupatsira chida choyenera asanachitchule n'komwe. Kuti batani lichite zimenezi, wina anakhala pansi n'kuganiza kuti wophunzira akafika pamalo awa amafuna chiyani, ndipo anaganiza chimodzimodzi pa pulogalamu iliyonse.

Mayankho nawonso amabwera mwaulemu. Lembani √8, kalikuleta ikupatsani 2√2, kenako 2.828 ndi manambala otsatira pambali pake. Wophunzira amaona yankho lenileni limene mphunzitsi akufuna pamodzi ndi kukula kwake, osasakasaka batani losinthira. Mafulakishoni amaoneka monga timawalembera m'kope, nambala ina pamwamba ina pansi. Pojambula galafu pali magawo atatu okha pamwamba pa sikirini: polembera masamuwo, poonera galafu, ndi tebulo la manambala ake. Ukafuna pamene mizere iwiri yakumana, kapena pamene mzere wafika pansonga, umasankha pamndandanda wa mawu omveka.

Pamutu pa kalikuletayi pali kanyali kakang'ono. Malamulo a mayeso ku France amafuna kuti kalikuleta yotha kusunga zolemba ikhale ndi njira yotsekera zonse zimene wophunzira anasungamo, komanso nyali yothwanima yoti woyang'anira mayeso aione ali chapatali. NumWorks inabadwa ikudziwa lamuloli. Ukaiika pa mayeso, kanyaliko kamathwanima, ndipo kuti uichotsepo pamafunika kuilumikiza ndi waya wa USB, chinthu chimene sungachite mobisa uli pa desiki.

Chinadabwitsa ambiri n'chakuti kampaniyi inaika poyera pa tsamba la pa intaneti la GitHub pulogalamu yoyendetsa makinawa, yotchedwa Epsilon. Aliyense ankatha kuiwerenga n'kupereka maganizo. Zatsopano zikatuluka, mwini kalikuleta amangoilumikiza ku kompyuta, kutsegula tsamba la kampaniyo pa intaneti, basi yakale ija yaphunzira zatsopano popanda kugula ina. Achinyamata ena anafika popanga mitundu yawoyawo ya pulogalamuyi, wodziwika kwambiri ndi Omega.

Ufulu umenewu unadzawombana ndi kanyali kaja. Ngati aliyense angasinthe pulogalamu ya mkati, woyang'anira mayeso angakhulupirire bwanji kuthwanimako? Mu 2021, potulutsa Epsilon 16, kampaniyi inatseka khomo lina kuti mapulogalamu osavomerezeka asamalowe m'malo mwa wake. Anyamata a Omega anakwiya, ndipo sindiwadzudzula. Komabe kalikuleta yoletsedwa m'chipinda cha mayeso palibe kholo lingaigule, ndiye NumWorks inasankha oyang'anira mayeso. Wofuna kusewera nayo inamusiyira Python, komanso kalikuleta yomweyo yaulere pa intaneti ndi pafoni.