Amene Anautsa Madzi a ku Can Masdeu

Kumpoto kwa mzinda wa Barcelona, kumene nyumba zosanja za dera la Nou Barris zimathera n'kuyamba nkhalango ya phiri la Collserola, kuli chinyumba chakale chotchedwa Can Masdeu. Poyamba inali nyumba ya pafamu, kenaka inasanduka chipatala cha odwala khate. Chipatalacho chitatsekedwa, nyumbayo inakhala bwinja zaka zambiri, ngakhale mwini wake analipo, chipatala chachikulu cha Sant Pau. Mu Disembala 2001 gulu la anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana linalowamo popanda chilolezo n'kuyamba kukonza.

Ambiri amakumbukira malowa chifukwa cha zomwe zinachitika kumapeto kwa Epulo 2002. Apolisi atabwera kudzawatulutsa, anthu 11 anadzimangirira ndi zingwe ndi matabwa kunja kwa makoma, m'mwamba, moti kuwachotsa mokakamiza kukanagwetsa munthu. Anapirira masiku atatu, mpaka woweruza analamula kuti apolisi achoke poti moyo wa munthu umaposa katundu. Kunali kulimba mtima ndithu. Koma ine chimene chimandigwira mtima ndi ntchito ya manja imene inatsatira, makamaka ya madzi.

Alimi akale a mapiri a Catalonia sankadalira zitsime zokha. Ankakumba ngalande yopapatiza yolowa cham'mbali m'mimba mwa phiri mpaka kukakumana ndi madzi a pansi. Pansi pa ngalandeyo ankapendeketsa pang'ono chabe, kuti madzi azidontha m'miyala, azisonkhana, n'kumayenda okha mpaka kudziwe lomangidwa panja. Palibe pampu, palibe mafuta. Ngalande zotere zinalipo m'chigwa cha Can Masdeu, koma zitatsekeka ndi matope ndi mizu. Alendowo anazifufuza n'kuzitsegulanso.

Taganizani mmene ntchito yotereyi imagwiridwira. Munthu amalowa chowerama, nyali ili pachipumi, madzi ozizira ali m'miyendo. Fosholo yaikulu sitembenuka m'menemo, choncho matope amatuluka ndi ndowa, kupatsirana dzanja ndi dzanja. Luso lagona podziwa polekezera. Ukakumba mopyola pansi pamene anasiya akale, wapanga chithaphwi ndipo madzi aima. Ukazula mwala umene unachirikiza denga, ngalande ikugwera. Wokonza wabwino amapalasa matope mpaka chala chake chitakhudza pouma pamene mmisiri woyamba anasalaza, n'kuleka pomwepo. Amakhala ngati mwana amene wapatsidwa munda wa agogo ake: asanasinthe mzere uliwonse amayamba wafunsa chifukwa chimene anaulimira choncho. Ulemu umenewu, wopatsidwa kwa amisiri osadziwika ndi dzina lomwe, ndi umene ndimausirira.

Madzi atayambanso kuyenda, minda yosanjikizana pamtsetse wa phiri inadzuka. Apa ndiye panaonekera nzeru ina. Anthu olowa m'nyumbayo sanadzitsekere. Anaitana a m'dera loyandikana kuti adzatenge timinda. Ambiri amene anabwera anali achikulire opuma pantchito, amene anakulira kumidzi ya kumwera kwa Spain asanasamukire ku Barcelona kukasaka ganyu m'mafakitale. Manja awo anali asanaiwale khasu. Ankadziwa nthawi yowokera tomato, kamangidwe ka timitengo toyanga nyemba, ndi kagawidwe ka madzi a dziwe limodzi kuti wa kumunsi asadandaule. Achinyamata anabwera ndi mphamvu ndi maganizo atsopano, monga kulima popanda mankhwala, ndipo agogowo anabwera ndi zimene sizilembedwa m'buku.

Zina zambiri zimachokera pa mfundo yosawononga madzi. Zimbudzi zawo n'zouma: ukatha umathira utuchi, ndipo zonyansazo zikasungidwa nthawi yokwanira zimasanduka manyowa. Ena amaziona ngati zachikale, koma chimbudzi chotere chimafuna diso. Utuchi ukachepa chimanunkha, chinyezi chikachuluka sichiwola bwino. Madzi osamba amatenthetsedwa ndi dzuwa. Otsukira mbale ndi ochapira zovala amasefedwa n'kukathirira mbewu. Anapanganso makina ochapira zovala oyendetsedwa ndi munthu wopalasa njinga, ndipo ali ndi malo okonzera njinga zakutha.

Kukonza nyumba yomwe mungatulutsidwemo mawa n'kovuta pamtima. N'zosavuta kungophimba pothonya ndi pulasitiki, kudikira zimene khoti linene. Iwo anasankha kukonza denga ngati anthu okhalitsa, ndipo ndikhulupirira kuti n'chimene chinakopa anansi awo. Munthu amene wadya nyemba za m'dimba lake kumeneko sangakhale chete akamva kuti apolisi akubweranso.

Mbali ina ya nyumbayo anaisandutsa malo a anthu onse, otchedwa Punt d'Interacció de Collserola. Amatsegula Lamlungu. Kumakhala zokambirana za chilengedwe ndi ndale, maphunziro a ntchito zamanja, ndi chakudya chophikidwa ndi ndiwo za m'minda yomweyo. Wofuna kukaona amatsika sitima ya pansi pa siteshoni ya Canyelles, n'kukwera wapansi kanjira kolowa m'nkhalango.