Kalata ya Rosita

Masiku ano olemba mabuku amayenda. Amafika m'masukulu, m'nyumba zowerengeramo mabuku ndi pa misika ya mabuku, monga umene umacitika ku Maputo. Mlembi amakhala patsogolo, amawerenga pang'ono za m'buku lace, ndipo pambuyo pace anthu amam'funsa mafunso. Ambiri a ife timakhala kumbuyo ndi kuomba m'manja basi. Timaopa kufunsa, cifukwa timati za mabuku nza anthu ophunzira. Koma liripo funso limene munthu aliyense wa kumudzi angathe kufunsa, ndipo ndi funso lolemera. Funsolo ndi ili: "Mau amene mwalembawa munawatenga kwa yani, ndipo munawasunga bwanji?"

Funso limeneli sitinaliphunzire m'sukulu. Timalidziwa cifukwa ambiri a ife tinalembetsapo kalata. Tinakhala pansi pamaso pa mphunzitsi, katekisi kapena mwana wa sukulu, ife tikulankhula, iye akulemba. Titacoka pamenepo mtima unali kufunsa ngati walemba zonse zimene tinanena. M'dziko lathu la Moçambique muli nthano ina yaifupi imene imakamba za cinthu comweci. Dzina lace ndi "Rosita, até morrer", ndiye kuti Rosita mpaka imfa. Tiyeni tiione bwino.

Mlembi wace

Luís Bernardo Honwana anabadwa mu 1942 ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ukuchedwa Maputo. Anakulira ku Moamba, kumene atate ace anali womasulira mau ku ofesi ya boma la atsamunda. Tsono kuyambira ubwana anaona m'mene mau a munthu wosauka amadutsira m'kamwa mwa wina asanafike kwa mkulu.

Mu 1964 anatulutsa buku la nthano 7 lochedwa Nós Matámos o Cão-Tinhoso, ndiye kuti Tinapha Galu wa Mphere. Caka comweco apolisi a PIDE anam'gwira, ndipo anakhala m'ndende zaka 3. Mu 1969 bukulo linatuluka m'Cingelezi, ndipo linawerengedwa m'maiko ambiri a Afrika. Dziko litalandira ufulu mu 1975, Honwana anagwira nchito mu ofesi ya Pulezidenti Samora Machel, ndipo pambuyo pace anatsogolera za cikhalidwe m'boma. Nthano ya Rosita siinali m'buku la 1964. Inatuluka payokha mu 1971, m'magazini ya ku Portugal yochedwa Vértice.

Nkhani yace

Nthano yonse ndi kalata imodzi. Mulibe wofotokoza nkhani, mulibe wotiuza amene ali wabwino kapena woipa. Munthu angathe kuiwerenga yonse nsima isanapse. Pamwamba pace palembedwa mudzi wa Chiguidela, m'cigawo ca Gaza, ndi caka ca 1961.

Wotumiza kalatayo ndi Rosita, mkazi wa kumudzi wosadziwa kulemba. Akulembera Manuel, mwamuna amene anam'nyenga akali mtsikana, nam'patsa mimba, ndi kuthawa ndi mkazi wina. Rosita anabala mwana wamkazi ndipo akum'lera yekha, akulima munda wace. Tsopano wamva kuti mkazi uja wam'siya Manuel, ndi kuti Manuel ali pa mabvuto. Pamenepo mpamene akutumiza kalata. Akum'kumbutsa zonse zimene anacita, osabisa kanthu. Koma akumuitananso kuti abwere kumudzi adzaone mwana wace.

Ca kumapeto tikumva za munthu wacitatu. Ndi Chico, amene wagwira colembera. Nayenso akupereka moni, ndipo Rosita akutsimikizira Manuel kuti Chico sadzaulula za m'kalatamo.

Zimene mlembi anacita bwino

Coyamba ndi kayendedwe ka kalatayo. Siyamba ndi mkwiyo. Iyamba ndi moni, kufunsa za moyo ndi kunena za matenda a amai, monga momwe makalata a kwathu amayambira. Munthu wolemekezeka safika pakhomo ndi mlandu pakamwa, amayamba wapereka moni. Honwana anadziwa mwambo umenewu ndipo anautsata. Cifukwa ca ici, mau owawa akafika amalasa kwambiri, pakuti acokera kwa munthu amene wayamba ndi ulemu.

Caciwiri ndi Chico. Mlembi akanafuna akanam'bisa, ife tikanaganiza kuti Rosita walemba yekha. Koma anamuonetsa. Tikangomva dzina la Chico, timabwerera m'mbuyo ndi kuganizanso zonse zimene tamva. Za mimba, za manyazi, za cikondi cimene sicinathe, zonsezi Rosita anazinena mokweza pamaso pa mwamuna wina wa m'mudzi momwemo. Lonjezo loti Chico sadzaulula likutionetsa mantha amene analipo. Cinsinsi cimene cadutsa m'dzanja la wina sicikhalanso ca anthu awiri. Mlembi sanatilalikire za ubwino wa sukulu. Anangoika Chico pambali pa Rosita, ndipo ife taona tokha mtengo umene munthu wosadziwa kulemba amalipira.

Cacitatu ndi m'mene Rosita waimira. Sakupempha ndalama. Ndiye amene ali ndi munda ndi cakudya, pamene Manuel, amene anatsata moyo wa m'tauni, watsala cimanjamanja. Pa nthawi imeneyo lamulo la atsamunda linagawa anthu akuda pawiri. Ambiri anali kuchedwa indígena, ndipo anali kugwidwa kupita ku cibalo. Owerengeka okha anali kuchedwa assimilado. Kuti munthu alandire dzina limeneli anayenera kulankhula bwino Cipwitikizi, kukhala ndi nchito ya malipiro ndi kusiya miyambo ya makolo ace. Lamuloli linathetsedwa mu 1961, caka comwe calembedwa pa kalatayo. Rosita akudziyerekeza ndi mkazi wa assimilado, wa nsapato ndi zobvala zokongola, ndipo sakudziona wocepa. M'nthano zambiri mkazi wosiyidwa amangolira. Uyu akudandaula, komanso akuweruza mlandu, ndipo pomaliza ndiye amene akutsegula citseko.

Pamene pali cokaikitsa

Kalatayo inalembedwa m'Cipwitikizi cothyokathyoka, ca munthu amene sanapite patali ndi sukulu. Mau a mwamuna ndi a mkazi asokonezeka, ndipo mau ena alembedwa monga momwe amamvekera m'kamwa. Honwana anali kudziwa bwino Cipwitikizi, tsono anacita izi dala. Anafuna kuti kalata ioneke monga kalata zenizeni za nthawi imeneyo. M'menemo anapambana.

Koma pali cimene cinatayika. Mkazi wa ku Gaza poganiza ndi polira amalankhula Cichangana. M'cinenero cace Rosita sakanapunthwa. Akanalankhula ndi miyambi, ndi mau osankhika, monga amalankhulira amai athu pa bwalo la milandu. Ife tikumumva m'cinenero cobwereka cokha, ngati munthu wobvina atabvala nsapato za mwini. Wowerenga wa ku Lisboa amene sadziwa za kumudzi angathe kuseka kalankhulidweko ndi kuphonya nzeru za mkaziyo. Ndiponso akazi onga Rosita sakanatha kuwerenga nthano yonena za iwo eni. Pa nthawi ya ufulu, mwa anthu 10 alionse m'dziko muno, 9 sanali kudziwa kuwerenga.

Palinso cina. Cipwitikizi cothyokaco ndi ca yani? Kodi Rosita analankhula comweco, kapena analankhula bwino m'Cichangana ndipo Chico ndiye anamasulira monga anathera? Nthano siikutiuza. Ena anganene kuti apa mlembi anasiya nchito yosatha. Ife tikuona kuti apa mpamene pali coona ca nkhani yonse. Manuel polandira kalata sangathe kulekanitsa mau a Rosita ndi mau a Chico. Umo ndi momwe ziriri ndi kalata iriyonse yolembetsa. Ndipo kumbuyo kwa Chico kuli mlembi wina, Honwana mwini wace, mwamuna wophunzira amene akulemba m'malo mwa mkazi wosaphunzira. Mlembi wa mabuku nayenso amanyamula mau a ena. Poonetsa Chico, Honwana anabvomera kuti nchito yace ndi yomweyo, ndi kuti mau angathe kupindika pa njira.

Kalata ina ya ku Senegal

Kuti tione bwino kusiyana kwace, tiyeni tiike nthano iyi pambali pa buku lina. Mu 1979 mai wina wa ku Senegal, Mariama Bâ, anatulutsa buku m'Cifalansa lochedwa Une si longue lettre, ndiye kuti Kalata Yaitali Zedi. Nalonso ndi kalata imodzi. Wolemba ndi Ramatoulaye, mphunzitsi amene mwamuna wace anakwatira mkazi waciwiri, nam'siya, ndipo pambuyo pace anamwalira. Ali pa nthawi ya maliro, Ramatoulaye akulembera bwenzi lace la paubwana, Aïssatou, amene ali kutali.

Akazi awiriwa analakwiridwa mofanana. Koma Ramatoulaye ali ndi colembera m'dzanja lace. Amalemba usiku, amaleka, amayambanso mawa, amabwerera ku zakale, amasintha maganizo. Kalata yace yadzaza buku lathunthu. Ya Rosita ndi yaifupi, cifukwa pali munthu amene akudikira kuti amalize. Ramatoulaye akulembera mnzace kuti apepukidwe mtima. Rosita sangabvutitse Chico cifukwa ca kuceza cabe, amalembetsa pokhapokha nkhani ikakula. Munthu wodziwa kulemba ali ndi ufulu wolemba ngakhale zazing'ono, ndipo cibwenzi cimakhala ndi moyo cifukwa ca zazing'ono zomwezo.

Za kwathu ndi za lero

Nthano ya Rosita ndi ya kumwera, koma ife a ku Tete, ku Niassa ndi ku Zambézia tikuidziwa. Makolo athu ambiri a ku Angónia ndi madera ena anapita kukagwira nchito ku mafamu a ku Rhodesia, ku Salisbury ndi ku migodi ya malasha ya ku Wankie. Pa nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, anthu oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo mabanja anagawanika. Akuluakulu amati cibale ndi fupa, siciola. Koma cibale ca anthu otalikirana cinali kudalira kapepala, ndipo kapepalako kanali kudalira dzanja la wina.

Lero zinthu zasintha. Mu 2021 boma linathetsa kampani ya positi, Correios de Moçambique. Uthenga wambiri umayenda pa foni. Munthu angathe kuimbira mbale wace ku Beira kapena ku Johannesburg, kapena kujambula mau ace pa WhatsApp ndi kuwatumiza. Ici ndi cinthu cabwino. Rosita akanakhala wa lero akanalankhula ndi Manuel m'Cichangana, ndi mau ace enieni, popanda womvetsera wacitatu.

Koma Chico sanapite. Ndalama zikabwera pa M-Pesa kapena pa e-Mola, uthenga umabwera wolembedwa. Dzina la wotumiza, kuculuka kwa ndalama ndi zotsala, zonse ziri m'malemba ndi manambala. Amai amene sadziwa kuwerenga amapereka foni kwa mdzukulu kapena kwa wa pa kantina, nthawi zina pamodzi ndi nambala yao yacinsinsi. Mwana wa ku tauni akalemba za matenda kapena za mabvuto a m'banja lace, woyamba kudziwa ndi amene akuwerengayo. Ambiri a anthu otithandizawa ndi okhulupirika, monga Chico. Komabe nkhani ya pa mtima imafuna kufika kwa mwini wace yekha.

Nthano ya Honwana yakhala zaka zoposa 50 ndipo siinakalambe. Ndi yaifupi, ndi yoona, ndipo imalemekeza mkazi amene ena akanam'seka. Cilema cace ncakuti Rosita sitikumumva m'cinenero cace, ndipo cilema cimeneci mlembi mmodzi sangacicotse. Cidzacoka pamene anthu onga Rosita adzalemba okha, m'Cichangana, m'Cinyanja, m'Cinyungwe ndi m'Ciyao.

Tsono, anzathu, mlembi wa mabuku akadzafika ku sukulu ya kwanu kapena ku boma, mupite, mukakhale patsogolo. Mukam'funse kumene anatenga mau ace, ndiponso ngati eni mauwo anawamva atalembedwa. Mlembi wabwino adzakondwera ndi funso limenelo. Ndipo sabata ino, aliyense atenge pepala kapena foni alembere mbale kapena bwenzi la kutali mizere itatu: moni, za moyo wa pakhomo, ndi dzina lace pansi. Zilembo zikapindika palibe kanthu. Wolandirayo adzadziwa kuti dzanja ndi lanu.

Zoti tikambirane

1. Cifukwa ciani Rosita akuuza Manuel kuti Chico sadzaulula za m'kalata?
2. Kodi pali nkhani zimene simungalembetse kwa munthu wina? Osazichula, fotokozani cifukwa cace.
3. Mlembi akalemba kalankhulidwe ka munthu wosaphunzira monga momwe kaliri, kodi wam'lemekeza kapena wam'nyoza?