Amisiri osamalira mapulogalamu akale

Mu 1981, Narayana Murthy ndi anzake asanu ndi mmodzi anayambitsa kampani ya Infosys ku Pune, m'dziko la India, ali ndi madola 250 okha. Masiku ano achinyamata ambiri amene kampaniyi yawalemba ntchito amayamba apita ku Mysuru, kukakhala miyezi ingapo akuphunzira kulemba mapulogalamu ndi kulemba mayeso. Akakhoza, amapatsidwa kasitomala: banki, kampani ya inshulansi kapena ya ndege.

Amene ndimawapatsa ulemu kwambiri ndi aja osamalira mapulogalamu akale. Chaka cha 2000 chikuyandikira, makompyuta ambiri a mabanki ankalemba chaka ndi manambala awiri okha, moti 99 ikatha, 00 ikanawerengedwa ngati 1900. Amisiri a ku Infosys ndi a ku Tata Consultancy Services anakhala pansi n'kumawerenga mizere ya mapulogalamu olembedwa m'chilankhulo cha makompyuta cha COBOL umodziumodzi, ngati mayi wotola timiyala mumpunga pa lichero. Mizereyo inalembedwa ndi anthu ena, kale, ndipo eniake ambiri anali atapuma pa ntchito. Kumvetsa maganizo a munthu amene sunamuonepo kumafuna mtima wodekha, ndipo luso limeneli silichepa poliyerekeza ndi lolemba zatsopano.

Ntchitoyi idakalipo. Ku Bengaluru, ku India, kukada, ku New York kumakhala kuli masana, choncho mmisiri amadya chakudya chamadzulo mofulumira, kenako n'kukhala pa foni ndi kasitomala. Amafufuza pamene palakwika, amakonza, amayesa kawiri katatu, n'kulemba bwinobwino zimene wasintha kuti wobwera pambuyo pake asadzavutike.